Dzanja Limene Linapsa ndi Chisanu

Inu amene mwakhala pansi mukuti zanu zatha, tamvani za mdzukulu wanga wamkazi, Yuranis.

Tsiku limene anamutulutsa m'chipatala kuno ku Barranquilla, dzanja lake lamanja linali lokulungidwa mpaka m'chigongono, zala ziwiri palibe. Sichinali moto chinamuwotchacho. Chinali chisanu. Ine m'kalasi sindinapondemo, koma ndakalambira pa chiwaya ndikukazinga arepa, zitumbuwa zathu za chimanga, ndipo kupsa ndimakudziwa. Zoti kuzizira kumadya zala za munthu, ndinali ndisanazimvepo. Chenjerani nazo zinthu zokhala chete m'masilinda.

Mwanayu ndinalera ndekha makolo ake atamwalira. Ankaphunzira kukonza makina oziziritsa m'nyumba kwa a Temístocles, mmisiri wokalamba wa mumsewu mwathu. Kuno makinawa akasiya kuziziritsa, ngakhale wogulitsa nsomba amadziwa matenda ake: "Gasi watha, thiranimo wina." Yuranis anachita zomwezo. Amisiri atatalikira, anafulumira kulumikiza silinda wopanda magolovesi. Paipi inafwamphuka, gasi n'kumulavulira pa dzanja.

Ndinatenga mageji ake, timawotchi tiwiri toyezera mphamvu ya gasi, n'kuwakwirira mumgolo wa mpunga.

"Ukafuna kukhudzanso makina amenewa, uyambe wandiika m'manda," ndinatero.

Anayamba kugulitsa mafirizesi pokwerera basi. Anyamata okonza makina akamadutsa pa njinga zamoto ankamukuwiza.

"Amisiri a zala zitatu! Tipatseniko kozizira, paja chisanu ndi chibwenzi chanu!"

"Pita uko, iwe wothira gasi ngati msuzi!" ankawabwezera choncho, koma akafika kunyumba chakudya sichinkalowa.

Ine maso anga sagona. M'mawa wina ndinaona timpunga titamwazika pansi pa mgolo. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba, mageji ali pamiyendo, akumasula manati ndi dzanja lamanzere. Sipanala inkagwa, iye n'kutola. Inkagwanso, n'kutolanso. Pambali pake panali a Temístocles atanyamula kachitsulo kakale.

"Iyi ndi valavu, khomo la gasi," ankamuuza. "Kachubu kamkuwa aka, kolumikizika nayo, ndiye mlonda wake. Kakamva kutentha, khomo limatseguka. Kakazizidwa, limatsekeka. Khomo likafa, kuthira gasi kuli ngati kudyetsa munthu wotsamwa."

Ndinawathamangitsa ndi tsache. Lamulungu lotsatira anabweranso. Ndinawathamangitsanso, mpaka tsache linatopa ine ndisanatope. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, ndipo sipanala inasiya kugwa.

Kenaka kunabwera kutentha kumene phula ankamata kunsapato. Akulu anga a Nohemí, amene mtima wawo ndi wofooka, amakhala kunyumba ya okalamba ya masisitere. Makina aakulu a padenga la nyumbayo anasiya kuziziritsa. Munthu wina anathiramo gasi, anabweranso kudzathira wina, koma m'zipinda munali ngati mu uvuni. Adokotala ananena mosabisa kuti mtima wa a Nohemí supirira kutentha kotero. A Temístocles miyendo inali itakana kukwera masitepe, choncho anatuma Yuranis.

Ndinamutsatira. Mwana wako akamapita kumene kunamuluma, usatsale pakhomo.

Tinapeza a Nohemí ali gone, nsalu yonyowa ili pachipumi, akupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa. Koma pakamwa pawo sipadwala.

"Mng'ono wanga, umuuze mwanayo afulumire," anatero. "Ndisapse kawiri, kuno ndi kumene ndikupitako."

Asisitere aakulu anamugwira Yuranis paphewa. "Mwana wanga, silinda ndi uyo. Thira msanga, anthu akukomoka muno."

"Asisitere, ndiloleni ndiyambe ndamva chimene chikuwawa makinawo."

Padenga dzuwa linkabaya. Anavala magalasi ndi magolovesi, n'kulumikiza mageji. Sanabwerere m'mbuyo. Anamasula kachubu kamkuwa kaja papaipi, anavula golovesi, n'kukafumbata m'dzanja lake lopsa lija, maso ali pa muvi wa geji. Muvi sunasunthe.

"Agogo, dzanja langali silitenthanso kuyambira tsiku lija. Sindingalikhulupirire. Gwirani ndinu."

"Ine? Chinthu chimene chinakudya zala?"

"Aka sikaluma. Ndipo dzanja lotentha kuposa lanu kuno kulibe, lakhwimira pa chiwaya. Agogo a Nohemí akudikira."

Ndinafumbata nditatsinzina, ndikutchula oyera onse amene ndimawadziwa. Nditatsegula maso, muvi unali pomwepo.

"Valavu yafa," anatero. "Gasi sanathe ayi, wachita kuchuluka. Ndikanathira wina, makina onse akanapsa, ndipo atsopano sakanafika sabata ino."

Pansi asisitere ankakuwa kuti zafika pati. Iye sanapupulume. Anakokera gasi yense mu silinda wopanda kanthu, osamutayira kumwamba. Anachotsa valavu yakufa, n'kuika ina imene a Temístocles anamuponyera m'chikwama. Anayamwitsa mpweya ndi chinyontho m'mapaipi ndi pampu, n'kudikira, thukuta likudontha pachibwano. Kenaka anaika silinda pa sikelo, n'kumabwezera gasi pang'onopang'ono ngati munthu woyeza mankhwala a khanda. Mtima wanga unali kwa akulu anga, koma ndinaluma mlomo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makina atalira, anandipatsa kachubu ka valavu yatsopano.

"Gwiraninso, Agogo. Koma lero musatsinzine."

Ndinafumbata. Abale anga, muvi unadzuka! Unakwera pang'onopang'ono ngati wamva dzina lake. Nditatambasula chikhatho, unabwerera. Tsitsi linandiimirira. Kutentha kwa dzanja langa lokwinyikali kunatsegula khomo lachitsulo limene sindinkaliona, ndipo kuseri kwa khomolo kunkabadwa chisanu, dzuwa lili paliwombo. Mulungu anabisa zinthu, anthu inu. Ndipo amene anadziwa pamene anazibisa ndi mwana amene ine ndinafuna kumukwirira mumpunga pamodzi ndi mageji ake.

Titatsika, mpweya wozizira unali ukuyenda m'makonde. A Nohemí anali atadzuka, atatsamira pilo.

"Ndani watsegula khomo la kumapiri?" anakuwa. "Ndipatseni bulangete, mwana ameneyu andipha!"

Yuranis anaseka, kenaka anakhala pansi pompo n'kulira, dzanja la zala zitatu lili pachifuwa.

Lero ali ndi shopu yake, ndipo akuphunzitsa atsikana anzake. Anyamata a njinga zamoto aja amabwera kudzamufunsa nzeru, zipewa zili m'manja. A Nohemí akadali moyo, akadatukwanabe.

Ine mantha sanandichoke, ndipo sindikuuzani kuti muwataye. Valani magolovesi. Musathire kanthu musanayeze. Musathamangire mankhwala amene aliyense akutchula mumsewu. Koma chikakulumani chimene munachikonda, musachithawe mpaka kalekale, ndipo inu agogo anzanga, musabise zida za ana. Zala zimene zatsalazo n'zokwanira kugwira sipanala. Ikagwa, tolani. Osataya mtima.