Ndinakana tiyi wa Che Amidu chifukwa cha kiriketi

Inu owerenga, sindine munthu wa mawu ambiri. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo ndimalima mpunga ku Kaporo, m'boma la Karonga. Koma ndinapsa mtima ndi masewera a pa TV, ndipo mkwiyowo unanditayitsa mwayi wotsanzikana ndi mnzanga.

Mnzangayo anali Che Amidu, Msilamu wa ku Mangochi. Anali ndi golosale pa Karonga Boma, ndipo ndinkawagulitsa mpunga. Ali mnyamata anagwirapo ntchito kwa amwenye ku Limbe, n'kumene anatengera chikondi cha kiriketi. Tsiku lina ndinawapeza akuyang'ana ka TV kawo pamwamba pa shelefu. Anthu ovala zoyera angoima m'bwalo. Ndinafunsa ngati anthuwo ali pamaliro. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anaimika makandulo atatu pakauntala, nati izi ndi ndodo zitatu. Wina amaponya mpira kuti azigwetse, wina amaziteteza ndi thabwa. Zikagwa, womenyayo watuluka.

Ndinakhala pansi. Ndi mmene ndinayambira.

Masewera aakulu amawatcha Tesiti, ndipo amodzi amatenga masiku asanu. Akayandikira, ndinkakwera minibasi. Ndikangolowa, Che Amidu ankati, "Mwaghona, a Kaporo!" Chinkhonde chawo chonse chinathera pa moni wammawa yekhayo. Dzina langa sankalitchula, ankangondiitana ndi dzina la kwathu.

Tinkachemerera timu ya dziko lina loyandikana ndi lathu. Osewera akapita kukadya, Che Amidu ankapita kukaswali kumzikiti, ine n'kumawagulitsira sopo ndi mchere. Osewera akapuma kuti amwe tiyi, nafenso tinkamwa, wa tangawizi, ndi mandasi. Sitinkalankhula kwambiri. Mwina ola lathunthu linkadutsa, mawu awo n'kungoti, "Watuluka." Zinali zokwana. Tinachita zimenezi zaka zambiri, mpaka tonse tinamera imvi.

Dzinja lina kunabwera timu yamphamvu ya kutsidya kwa nyanja. Masewera oyamba anatikwapula. Achiwiri zinanyanya. Anyamata athu ankangolowa ndi kutuluka ngati akupita kuchigayo, ndodo zikungouluka. Masiku asanu aja sanakwane n'komwe. Ine ndinali nditasiya mpunga osapalira. Ndinaimirira tiyi ali pamoto. Ndinati ndatopa kuonera anthu akumenyedwa ngati ana, sindidzabweranso.

Che Amidu anati, "A Kaporo, khalani pansi. Tiyi sanagonje."

Ndinatuluka.

Kunatsala masewera amodzi. Anandiimbira foni kuti mpando wanga ulipo. Ndinanama kuti madzi asefukira pamsewu. Ku Kaporo bodza limeneli siliyenda movutikira. Anangoti chabwino. Mawu awo anali ofooka, koma sindinafunse. Ndinali nditaona kale kuti mkanjo wayamba kuwakulira, mandasi akungondikankhira ine. Sindinafunsenso pamenepo.

Masewerawo atatha, ana awo anabwera kudzawatenga kupita nawo kwawo ku Mangochi. Ankadwala matenda a shuga, ndipo anali atabisa. Ine sindinadziwe. Ndinkati ndidikire mtima uphwe, ndidzapita ndi thumba la mpunga tikakolola.

Mmawa wina mwana wawo Yusufu anaimba. Bambo atisiya. Ndinati ndikunyamuka. Iye anati, "Bambo, musavutike. Tikuika lero lomwe dzuwa lisanalowe." Ndinali nditaiwala kuti Asilamu sasunga maliro. Kwathu kuno timadikira abale akutali afike. Iwo sadikira. Ndipo kuchoka ku Karonga kukafika ku Mangochi ndi ulendo wogona panjira. Anawaika ine ndili m'munda, madzi m'mawondo.

Yusufu atabwera kudzatsegula golosale, ndinapita kukapepesa. TV ija anali ataitsitsa. Ndinafunsa za masewera omaliza aja. Anati tinagonjanso, moipa kuposa poyamba. Koma bambo ake anaonera mpaka mpira womaliza. Osewera akapuma, ankatulutsa makapu awiri. Kasitomala akafuna kukhala pampando uja, ankamuuza kuti uli ndi mwini wake, madzi akaphwa afika.

Inu owerenga, madzi sanasefukire chaka chimenecho. Che Amidu ankagula mpunga kwa anthu a ku Kaporo tsiku ndi tsiku. Ankadziwa.

Timu ija ikugonjabe mpaka lero. Sizindipwetekanso. Chimene ndimasowa ndi fungo la tangawizi ndi sopo, ndi munthu wonena kuti "Watuluka."

Ngati muli ndi mnzanu amene mumaonera naye masewera, kaya ndi mpira, kaya ndi bawo, musamusiye yekha chifukwa timu yagonja. Mukaona malaya akumukulira, funsani. Ndipo akakuitanani kuti mpando wanu ulipo, kwerani minibasi tsiku lomwelo.