Mphini za Mayi Ake a Rahila

A Sufiyani ankajambula anthu zithunzi kuyambira ku Chia mpaka ku Ngala, ali pa njinga, kamera ili pakhosi. Chinthu choyera kwambiri sankachikhulupirira. Matipate atabwera, anaona anthu omwe aja ankakakamiza anzawo kugula makadi a chipani pamsika atangosintha malaya, nkhope zili mbee, ndipo kukayika kwawo kunakula.

Tsiku lina Rahila, mayi wogulitsa mpunga, anawabweretsera negetivi yakale, kafilimu kotsukira chithunzi cha malemu mayi ake. Chithunzi chake chinkatuluka chamdima, chodzaza timadontho ngati mchenga. A Sufiyani anapita nayo ku Lilongwe, kusitolo kumene ankatsukitsa mafilimu. Mwini sitoloyo anawaonetsa kompyuta yatsopano, nati imachotsa timadontho tonse n'kuwalitsa pamene pali mdima.

"Nanga imadziwa bwanji kuti ili ndi litsiro, uyu ndi munthu?" anafunsa a Sufiyani.

"Imadziwa basi, achimwene."

Chithunzi chinatuluka chosalala, mpaka maluwa a pampango ankaoneka. A Sufiyani atabwerera nacho, Rahila anachiyang'anitsitsa ali pakhonde, kenako anachibweza.

"Awa ndi ndani, a Sufiyani? Amayi anali ndi mphini m'masaya onse awiri."

Kompyuta ija inaziyesa litsiro mphinizo, n'kuzifufuta. A Sufiyani anakatsukitsanso negetiviyo mwakale, ndipo chithunzi chamchengacho ndi chimene Rahila anapachika m'nyumba.

Kuyambira pamenepo, akaona nkhope yosalala ya wofuna mavoti itamatidwa pamtengo, ankatsika njinga n'kufunsa aliyense wodutsa kuti, "Kodi ameneyu amufufuta chiyani?"