Mpata Woyankhira Moni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa mkwatibwi. Nditamaliza maphunziro a zojambula ndi zofalitsa nkhani ku Blantyre, ndinakhala nthawi yaitali ndikungozungulira m'maukwati ndi kamera yobwereka, kogona kuli pabalaza kwa alamu anga ku Ndirande. Tsiku lina mayi wina amene ndinamujambulapo ukwati ananditumizira uthenga pa foni. Sukulu ina ya ntchito zamanja ku Salima inkafuna munthu wophunzitsa ana a zamakina, zamagetsi ndi zowotcherera kajambulidwe ka mavidiyo a ntchito zawo, n'kumawaika pa masamba a mchezo kuti azipeza makasitomala. Ndinalembera tsiku lomwelo. Atanditenga, amene anasangalala kwambiri anali alamu anga, poti mpando wawo wa pabalaza unali utatopa nane.

Mkulu wa gawo la zamakina anali a Gondwe, bambo wosaseka wamba, wovala ovolosi ngakhale mu ofesi. Sanandibisire mawu.

"Kuno timaphunzitsa anthu kugwira sipanala, achimwene," anatero. "Zanu za mafonizi tikungoziyesa temu imodzi. Pamapeto pake mudzaonetse mavidiyo a anawa kwa eni maboti a ku Senga Bay, chifukwa ndi amene amatitengera ana ku atachimenti. Akadzati n'zaphindu, mudzakhala. Akadzati n'zamasewera, tidzatsanzikana."

Ndinapeza kachipinda kuseri kwa golosale ina ku Senga Bay, ndipo kuntchito ndinkapita pa kabaza. Kunena zoona, sindinasungulumwepo chomwecho m'moyo wanga. Aphunzitsi anzanga ankacheza za magiya ndi mawaya, ine n'kumangoti kukamwa yasa. Ananditcha dzina loti a Selufi, ndipo ndikalowa muofesi wina ankatukula foni m'mwamba n'kupinda milomo, enawo n'kufa nazo kuseka. Kumene ndinkakhala sindinkadziwa munthu. M'mawa ndinkatuluka nditatseka makutu ndi tizingwe tomverera nyimbo, ndikakumana ndi munthu n'kungoti "bho", osaima. Masana ndinkadya tchipisi pachiwaya nditayang'ana foni. Pa tsamba langa ndinali ndi onditsatira ambirimbiri, koma pachitseko panga chinkagogoda ndi mphepo ya mwera yokha. Walira mvula walira matope, ntchito ndinaifuna ndekha.

M'kalasi mokha ndi mmene ndinkapezako bwino. Zida tinalibe, choncho tinkapanga tokha. Ana owotcherera anandipangira miyendo yoimikirapo foni ndi zidutswa za mapaipi, yolemera ngati pulawo koma yosagwedezeka. Maikolofoni yathu, kakang'ono kopana pa kolala, tinaikulunga ndi siponji ya matiresi akutha kuti mwera usamalire m'mawu. Ndinawaphunzitsa kuti dzuwa lizikhala kumbuyo kwa wojambula, kuti foni aziimika chilili popeza anthu amaonera itaima, komanso kuti azipukuta kagalasi ka kamera asanayambe, chifukwa zala za makaniko sizisowa girisi. Ndinawaonetsa kadulidwe ka vidiyo pa foni pomwepo, ndi kachepetsedwe kake kuti isamadye bandulo ya woonera.

Koma lamulo limene ndinkalikonda kwambiri, limene ndinabwera nalo kuchokera ku koleji, linali la masekondi oyambirira. Ndinkawauza kuti munthu wa pa foni chala chake chimayabwa, ukapanda kumugwira pakhosi poyambirira pomwe, wadutsa. Osapereka moni, osazitchula dzina, ingolowani m'nkhani.

Amene anavutika nalo lamuloli anali Rashidi, mnyamata wa konkuno kunyanja, wamkulu kuposa anzake, waluso pa injini za maboti. Vidiyo yake inali yotsuka kabuleta. Ankaonetsa kutseka petulo, kumasula kabakuli kapansi, kutulutsa jeti, kachitsulo ka bowo lodutsa petulo, kuitsuka ndi petulo woyera n'kuiuzira mpweya. Ankachenjezanso kuti jeti asamaitokose ndi waya kapena mbedza, chifukwa bowo likakula injini imamwa mafuta ngati ili ndi ludzu. Zonsezi ankazidziwa bwino. Vuto linali poyambira. Ndikangoti "tiye", iye ankayang'ana foni n'kunena kuti, "Asalamu alaikum." Kenako zii, kudikira. "Muli bwanji akuluakulu?" Zii kachiwiri. Akatero ankagwedeza mutu ngati wamva yankho, n'kunena kuti, "Nanenso ndili bwino, alihamudulila."

Anzake ankachita kugubuduka ndi phwete. Ine ndinamufunsa kuti akudikira ndani, poti foni siyankha.

"Sala, ndiye ndingoyamba kulankhula ngati ndakwiya?" anandifunsa.

Ndinamulembera chiganizo choti ajambule padera, chogwira pakhosi chija, ndipo anachinena monyinyirika. Vidiyoyo ndinapita nayo kunyumba kuti ndikaidule ndekha. Linali Lamulungu masana, golosale yotseka, pabwalo palibe ndi nkhuku yomwe. Nditatsegula vidiyo ija, Rashidi anandiyang'ana m'maso n'kufunsa kuti, "Muli bwanji?" Ndinangozimva ndikuyankha mokweza kuti, "Ndili bwino, kaya iwe." Ndinacheuka kuona ngati wina wandimva. Amenewo anali mawu oyamba kutuluka pakamwa panga tsiku limenelo, ndipo mtima unandiwawa. Komabe lamulo ndi lamulo. Pa pulogalamu yodulira, pamene munthu wakhala chete pamaoneka kamzere kosalala kopanda mafunde. Ndinaika chala pamenepo, n'kudula moni yense pamodzi ndi mipata yake. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, kanga kanali kakuthwa zedi.

Tsiku loonetsa linali Lachisanu, anthu atatuluka kumzikiti. Tinabwereka nyumba yoonetsera mpira pamsika, ya mabenchi ndi denga la malata lotentha ngati uvuni. Ndinapachika nsalu yoyera ya pabedi langa pakhoma, ndinalumikiza pulojekita ndi sipika, mawindo tinatseka ndi makatoni. Eni maboti anayamba kulowa, ambiri atavala mikanjo yoyera ndi zisoti za kumzikiti. Patsogolo panakhala Che Saidi, mkulu wa ndevu zaimvi amene anzake onse ankamumvera, yemwenso anali malume ake a Rashidi. Pamene ankalowa ine n'kuti ndili kalikiliki ndi zingwe, nditawafulatira. A Gondwe anakhala pafupi ndi khomo atapinda manja.

Ndinayamba ndi vidiyo ya Rashidi, poti ndi imene ndinkaidalira. Nkhope yake inatulukira pansalu, yaikulu kudzaza khoma, chala chitaloza anthu.

"Injini yanu ikukana kulira? Wolakwa ndinu!"

Kenako ndinamva benchi ikulira. Rashidi wa pansalu anali atayamba kale kumasula kabakuli, koma palibe amene ankayang'ana manja ake.

"Taimitsani kaye," anatero Che Saidi. Ndinaimitsa. Anatembenuka kufunafuna mnyamatayo kumbuyo. "Rashidi, ndiwe uyu? Wotilowera m'nyumba ngati mbuzi, wopanda ndi odi yemwe, n'kumatiloza chala? Kusukuluko akukuphunzitsa zimenezi?"

Rashidi anazyolika. Wina anati ana a masiku ano mafoni awamaliza. Wina anatola ndodo yake n'kudzuka, anzake awiri n'kumutsatira. A Gondwe anapatuka pakhomo kuti anthu adutse, ndipo sanandiyang'ane n'komwe. Ndinauona mpando wa alamu anga uja ukundidikira ku Ndirande, ndipo ndinaonanso mnyamata wolemekezeka akunyozeka pamaso pa malume ake chifukwa cha mawu amene sanali ake.

Chimene chinandipulumutsa ndi chizolowezi cha m'maukwati. Mkwatibwi nthawi zonse amadzafuna pamene wadula pomwepo, choncho sindifufuta vidiyo yosadula. Ya Rashidi inali pa memori khadi m'thumba la malaya. Koma kuti ndiiike pankafunika anthuwo akhale pansi, ndipo nditatsegula pakamwa kuti ndiwaitane ndi pamene ndinazindikira kuti nanenso chilowereni iwo sindinawapatse moni. Ndinasiya maikolofoni, ndinapita patsogolo, n'kunjuta pang'ono manja ali pamodzi.

"Akuluakulu, mwaswera bwanji?"

Ndinadikira. Mpata umenewo unanditalikira koopsa. Kenako Che Saidi anayankha motsitsa kuti, "Taswera, kaya inu aphunzitsi." Ena anatsatira, uyu apa, uyu apo. Ndinawauza kuti mnyamatayo moni anapereka, wodula ndinali ine, ndipo ndinawapempha kuti aone mmene iye mwini anajambulira. Aja anafika pakhomo anaima, koma sanakhale pansi.

Rashidi anatulukiranso pansalu, ulendo uno manja ali pachifuwa. "Asalamu alaikum," anatero.

"Waalaikum salamu!" nyumba yonse inayankha, malata mpaka kunjenjemera.

"Muli bwanji akuluakulu?"

"Tili bwino, kaya iwe!"

Rashidi wa pansalu anagwedeza mutu pa nthawi yake yeniyeni. "Nanenso ndili bwino, alihamudulila." Anthu anaphulika kuseka, wa ndodo uja n'kubwerera pabenchi pake. Anaonera vidiyo yonse, yaitali mmene inalili, ndi pamene sipanala inagwera mumchenga pomwe. Itafika pa zotokosa jeti ndi mbedza, anayamba kulozana okhaokha, wina n'kukuwa kuti, "Tabwezani pamenepo, awa amve bwino!" Ndinabweza. Mavidiyo a ana enawo ndinaonetsa osadula onse, poti nawonso anali pa khadi lomwelo. Pamapeto panali mzere wa anthu ofuna kuti tiwatumizire m'mafoni mwawo, ndipo Che Saidi anauza a Gondwe kuti awapatse anyamata ena oti azikathandizana ndi Rashidi kudoko.

A Gondwe anadikira kuti anthu atuluke. Anandithandiza kutsitsa nsalu ija, n'kungoti, "Temu ya mawa muyambe ndi a zamagetsi, a Selufi." Kwa iwo amenewo anali mawu ambiri.

Ndikukulunga zingwe, Che Saidi anabwerera.

"Kodi si inu mumakhala kuseri kwa golosale ija? Ndimasoka maukonde pansi pa mtengo wa mango uli panjira yanu. Tsiku lililonse ndimakupatsani moni, inu osayankha. Tinkangoti mwina mwana wa eniyu ali ndi vuto la makutu."

Miyezi yonse ija ndinkadandaula kuti anthu a kuno salabadira mlendo, pamene moni ankandipeza m'mawa uliwonse n'kugunda pa tizingwe tija. Tsiku lotsatira ndinatisiya pabedi. Kuchoka pakhomo kukafika poimira kabaza ndi pafupi, koma ndinachedwa kwambiri, chifukwa aliyense ankafuna kudziwa kwathu, ndiponso ngati makutu apola.

Ntchitoyi ndikuigwirabe. Lamulo la masekondi oyambirira ndimaphunzitsabe, chifukwa pali mavidiyo ena opita kwa anthu othamanga amene limawayenera. Koma ndisanalitchule ndimayamba ndafunsa ana kuti woonerayo ndi ndani, ndipo kwawo munthu amalowa bwanji pakhomo. Ndikafika pa phunziro la kudula, ndimatsegula vidiyo ya Rashidi ija n'kuwaonetsa kamzere kosalala kotsatira moni. Nthawi zonse pamapezeka wina wofulumira amene amati, "Sala, apa palibe kanthu, tidule." Ndimamuuza kuti achotsepo chala. Pamenepo si pa ife ojambula, ndi pa munthu amene wagwira foni kutsidyako, mwina ali yekha m'kachipinda kuseri kwa golosale, ndipo chikhalireni tsiku lonse palibe wamufunsa kuti ali bwanji.