Nsapato Yanga Pamzere wa Madzi

Fungo la mwala wonyowa pakasupe wakale wa kudoko la Toronto limandichititsabe manyazi. Tinali titangofika kuchokera ku Ndirande, komwe mipopi inkauma sabata yathunthu. Nditaona madzi akuthovoka m'mwamba, ndinakuwa, "Amayi, madzi abwera!" Pompo ndinavula nsapato n'kuiika kutsogolo kuti itisungire malo pamzere.

"Iwe, vala nsapatoyo, ukutichititsa manyazi!" anatero amayi. "Kasupeyu anamumanga pokumbukira amalinyero amene anamira. Madziwa akuimira misozi, satunga."

"Ndiye angolira choncho osatchera ndowa?" ndinafunsa.

Lero kwanga ku Scarborough, dera la mu Toronto momwemo, madzi sasiya, komabe ndikamadutsa pakasupe paja maso anga amayamba afufuza kaye womaliza pamzere.