Pulogalamu ya a Mbewe inafunsa kuti wabwera ndani

Lachiwiri lapitali nkhungu inatsika m'mapiri a Ntchisi n'kukhala pasukulu yathu tsiku lonse. Ana ali patchuthi. Ndinali ndekha m'chipinda cha makompyuta, nthawi ili masana koma panja ngati kukucha kumene.

Ntchito yanga inali kusanja zimene anasiya a Mbewe, mphunzitsi mnzanga amene ankaphunzitsa ana kulemba mapulogalamu a kompyuta. Anatisiya m'dzinja lapitali. Ahedi anati popeza kalasi yawo ndatenga ndine, ndiike ntchito zoyeserera zonse m'mafoda potsata mitu: zowerengetsa pazokha, zobwerezabwereza pazokha, zosankha pakati pa ichi ndi icho pazokhanso.

A Mbewe, mzimu wawo uuse mumtendere, kuphunzitsa ankatha koma kusunga zinthu ayi. Mafayilo onse mulu umodzi, mayina ake "chatsopano", "chatsopano chenicheni", "ichi ndiye". Kuti ndidziwe foda yoyenera, ndinkayenera kutsegula pulogalamu iliyonse n'kuiyendetsa.

Ndinayamba kuwatsegula mapulogalamuwo imodziimodzi.

Mukudziwa mmene timachitira aphunzitsife. Chitsanzo sititenga kutali, timangotola pakhomo. Pulogalamu ina inkawerengera mbuzi zawo. Ina mabelo a fodya wa achimwene awo. Ina, nditalemba yankho lolakwa, inandiyankha kuti, "Iyayi bwanawe, yambiranso." Mawu amenewa ndinkawamva kudzera pakhoma la kalasi tsiku lililonse. Ndinacheuka, ndikunena zoona. Kumbuyo kunali mipando yokhayokha.

Kenako ndinamva "Odi!" pakhomo. Anali mayi Nachisale, akazi a malemu, atachokera kwawo ku Msakambewa kudzatenga kapu, ambulera ndi jekete zimene zinatsala muofesi.

"Mukutani nokhanokha muno, aphunzitsi?"

"Ndikusanja ntchito za abambo, mayi. Bwerani muone, ana azipindulabe nazo."

Ndinkafuna kuwasangalatsa. Ndinatsegula pulogalamu imene ndinali nditangoiyesa kumene. Imafunsa kuti, "Wabwera ndani?" Ine nditalemba dzina langa inati, "Takulandirani, khalani pansi." Mizere ya m'munsi mwake ndinali ndisanaiwerenge.

Mayiwo anapukuta manja pachitenje, n'kuyamba kusaka zilembo ndi chala chimodzi. Analemba kuti Nachisale.

Kompyuta inayankha kuti, "Wachedwa bwanji lero, Nachi wanga? Tiyi wazizira."

Ine ndinkadziwa chimene tonse pasukulu timadziwa. Tsiku limene a Mbewe anamwalira kuchipatala ku boma, mayiwa anachoka kumudzi m'mamawa, galimoto n'kutitimira m'matope. Anafika thupi litaphimbidwa kale.

Kuti mzimu ulimo mukompyuta, ayi, ndine mkulu wa mpingo, sindinganene zimenezo. Ndi phunziro wamba la "ngati dzina ndi lakuti, lemba zakuti". Pulogalamuyi a Mbewe anailemba kalekale ali bwinobwino, mwina akuseka okha. Zonsezi ndinkazidziwa, komabe ndinatembenuka kuyang'ana mayiwo.

Mayiwo sanalire. Anayang'ana mawuwo nthawi yaitali, kenako anati, "Nachi. Dzina limeneli ankanditchula tili awiri basi. Ngakhale ana anga salidziwa." Anatembenukira kwa ine. "Ndiye mukuti ana a sukulu azilemba dzina langa apapa, abambo n'kumawayankha?"

Pamaso panga panabwera anyamata a Fomu 3 akulimbirana kiyibodi, akuseka chikhakhali, akuitanana "Nachi wanga" mpaka pamsika.

Kwathu kuno katundu wa malemu sagwiridwa wamba. Malaya, khasu, njinga, zonse zimadikira akuluakulu akhale pansi, anene kuti ichi chipite kwa uje, ichi chisungidwe. Ngakhale kapu ya tiyi ija inakhala pashelefu miyezi yonseyi osaikhudza munthu, kudikira akazi awo. Koma mafayilo, amene muli mawu enieni a munthu, ndani amawakhalira pansi? Ahedi angoti ndi katundu wa sukulu. Ine ndangoti ndi ntchito zoyeserera, n'kuyamba kuzikoka uku ndi uku ngati ndikusankha nyemba.

Si kusukulu kokha. Foni ya malemu masiku ano imaperekedwa kwa mphwake maliro asanathe n'komwe, muli mauthenga ndi mawu ojambulidwa. Amene wadziwa nambala yotsegulira ndiye wasanduka mwinimbumba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inunso muli nazo zimene munalembera munthu mmodzi yekha.

Ndinati, "Ndifufute, mayi?"

Anandigwira dzanja msangamsanga, mayi amene chiwadziwireni sanandipatsepo moni wa m'manja osagwira pachigongono.

"Musafufute. Koma ana asachione."

Ndisanachichotse pa mulu wa sukulu, ndinachikopera pa kafulashi kanga kosungira mafayilo kamene ndinali nako m'thumba. Ndinawauza kuti kumudzi kulibe poti angakatsegulire. Anati akudziwa. Anakamanga pansonga ya chitenje, kenako anaima pang'ono.

"Musanazimitse, ndilembenso kamodzi. Ndikufuna ndiwayankhe."

Pulogalamu ija ilibe malo olembapo yankho. Ikanena zake imatseka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere, koma ndinangotuluka n'kukaima pakhonde, m'nkhungu. M'katimo ndinkamva kiyibodi ikulira pang'onopang'ono, chala chimodzi, kwa nthawi yaitali.

Mafoda atatu aja ndamaliza, ana akatsegulira adzawapeza ali mwadongosolo. Koma inu amene muli ndi foni kapena laputopu ya malemu m'nyumba mwanu lero, munafunsa ndani musanaitsegule?