Khoswe Amene Analawa Mapiritsi a Amayi

Ukwati wanga utayandikira, amayi anadzola mafuta onunkhira ogula kwa mavenda pa Kasakula, nkhope n'kutupa. Maso anatsala timizere, khosi lonse ziwengo. Matipate anali atangobwera kumene, ndipo pamsika aliyense ankagulitsa chimene wafuna. Ine mantha anga anali olowa m'tchalitchi amayi palibe, poti anali atalumbira kuti ndi nkhope imeneyo sakaonekera kwa anthu akuchimuna.

Bambo anapita kumsika komweko n'kugula timapiritsi tachikasu ta ziwengo, tokulunga m'kapepala, topanda dzina. Atafika pakhomo anayamba kukayika. Anali atamva pa wailesi kuti mankhwala asanapatse anthu amayamba ayesa pa makoswe, ndiye anati makoswe ifenso tili nawo, okhuta chimanga chathu, agwireko ntchito.

Anagwira khoswe wonenepa kunkhokwe, kumuika m'ndowa, n'kumuwaza chitedze. Khoswe uja anadzikanda mpaka kugubuduzika. Ndinamumvera chisoni, koma kuseka sindinasiye. Kenako anamupatsa kachibenthu ka piritsi m'chiponde. Posakhalitsa kudzikanda kunatha, khoswe n'kugona chagada. Amalume anati wafa, bambo anati akupuma, uku akulowetsa mutu m'ndowamo. Dzuwa litapendeka khoswe anadzuka n'kuyamba kudumpha, ndipo bambo ankayenda pabwalo ngati dokotala wa ku boma.

Chinatipweteka ndi masamu. Bambo anayang'ana khoswe, n'kuyang'ana amayi, omwe sanali munthu wochepa thupi.

"Kanyama aka kadya chibenthu. Inu amake mwana, piritsi limodzi silingakufikeni n'komwe m'khosi."

M'mawa wa ukwati amayi anamwa angapo. Nkhope inaphweradi. Anavala chilundu chatsopano, n'kukhala pabenchi lakutsogolo, koma nyimbo yolowera isanathe mutu unali uli paphewa pa azakhali. Malumbiro athu anthu anawamva pamodzi ndi mkonono wa amayi. Nthawi ya perekaniperekani anakawagoneka m'ngolo pamthunzi. Ndinapsa mtima zedi, moti bambo sindinawatsanzike bwino tsiku limenelo.

Amayi anakhala ndi moyo zaka zambiri, ndipo mwana wawo wamkazi ndinali ine ndekha. Ndikapita kukawaona, tili pamkeka kusenda mtedza, ankadikira kuti bambo achokepo kaye, n'kundifunsa chapansipansi:

"Tandiuzanso, mwana wanga. Polowa m'tchalitchi muja unkaoneka bwanji?"