Ubweya wa m'khutu la ng'ombe

Anandilanda maburashi atatu amene ndinapanga ndi manja angawa, nawatentha ine ndikuona. Anachita zimenezi ndi amalume anga, alongo awo a amayi, pamodzi ndi mkulu wina wa mpingo wathu ku Zingalume. Maburashiwo atapsa, inatheranso pomwepo ntchito imene inkanditchinjiriza ku munda wa amalume.

Sukulu ndinalekera Sitandade 4. Aphunzitsi anandikwapula pamaso pa atsikana chifukwa chojambula mbuzi pasileti nthawi ya masamu, ndipo nditatuluka tsiku limenelo sindinapondekonso. Amalume anakondwa. Anati khasu lawo lapeza mwini. Ine munda umenewo ndinkadana nawo kuposa sukulu, chifukwa umalima kuyambira mbandakucha, thonje likagulitsidwa iwe amakuponyera malaya akutha.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ku Chadiza kunali mzungu wa zamalimidwe, uja ankatikakamiza kukumba migula. Khukhi wake anali wa kwathu, ndipo ndiye anandiuza kuti bwanayo akufuna munthu wa dzanja losanjenjemera. Ndinapita wapansi.

Zimene ndinakapeza zinandinyansa. M'chipinda china munali tebulo lalikulu lothiridwa mchenga, lokhala ndi timapiri ta mapepala ndi timitengo tabodza. Pamenepo panaima asilikali a mtovu, aliyense wotalika ngati chala changa chaching'ono. Loweruka kunkabwera mnzake wa ku Fort Jameson, awiriwo n'kumamenyanitsa tiasilikalito. Ankayeza mtunda ndi rula, kulira ngati mfuti ndi pakamwa, n'kumakangana za amene waphedwa. Amuna a ndevu zawo! Kwathu mwana wosinkhuka akapezeka akuumba ng'ombe zadothi amamuseka, koma awa ankasewera khukhi akuwatsanulira tiyi.

Ntchito yanga inali kupenta asilikali atsopano, amene ankabwera otuwa. Woyamba ndinamupaka penti monga timapakira chitseko, ndipo anatuluka ngati wagwera m'phala. Maso, lamba, mabatani, zonse zinakwiririka. Bwanayo anamunyamula n'kunena m'Chinyanja chake chopindika, "Iwe, penti wambiri, munthu palibe. Pang'ono pang'ono."

Kuphunzitsa kokha ankadziwa, ndisamunamizire. Msilikali umayamba wamutsuka ndi sopo. Akauma umamupaka penti woyera wopyapyala. Penti aliyense umamusungunula ndi parafini mpaka aziyenda ngati mkaka, ndipo umapaka kawiri kapena katatu, kudikira aume, m'malo momuunjika kamodzi. Umayamba nkhope, kenako malaya, malamba pomaliza. Zigongono zimakhala patebulo, manja awiri atagundana, ndipo polemba diso umaleka kupuma.

Vuto linali maburashi. Amene anandipatsa anali atayanzika ngati ndevu za chimanga. Ukafuna kulemba batani limodzi, ankalemba atatu. Atsopano anati amachokera kwawo pa sitima, ndipo sankadziwa tsiku lofika. Tsiku lina, akuseka, anati kwawoko ena amapangira ubweya wa m'khutu la ng'ombe.

Ndinayamba ndayesa zina. Ubweya wa mbuzi unkakanda penti. Wa mphaka unali wofewetsa, unkagona osadzukanso, ndiponso mphakayo anandisiyira zipsera. Ndiye Lamulungu lina masana, nditapita ndi ng'ombe za amalume kukamwetsa kudambo, ndinagwira khutu la yofiira, imene inkakoka bwino ngolo, n'kumetako ndi lumo. Ng'ombeyo sinaleke n'kumwa komwe. Kupempha ndikanapempha chiyani? Ubweya wogonamo nkhupakupa?

Ndinautsuka ndi phulusa, ndinasanja nsonga kuti zilingane, ndinamanga ndi ulusi wofiira umene ndinasomola pabulangete. Kenako ndinaulowetsa mu nthenga ya nkhanga yofewetsedwa m'madzi otentha, n'kusomekako kansungwi kogwirira. Ndinapanga atatu: lamalaya, lamalamba, ndi lina la ubweya wowerengeka lolembera maso. Ubweya umenewo umapindika n'kubwerera wokha, ndipo umasunga penti osadontha. Nsonga ndinkaisongola ndi milomo, kotero tsiku lonse m'kamwa munkawawa parafini, chakudya osakoma. Koma asilikali anayamba kukhala ndi nkhope. Bwanayo anandiwonjezera bokosi lina lathunthu, la asilikali achikuda, ndipo ndinaona kuti dzinja limenelo khasu silindiona.

Loweruka lina ndinatenga msilikali mmodzi kuti ndikamalizire kumudzi. Ndinamukulunga m'kansanza pamodzi ndi maburashi n'kusomeka kudenga la gowelo langa. M'mawa mwake ng'ombe yofiira ija inakana msipu, makutu ali pansi. Amalume, poyang'ana nkhupakupa, anaona pometedwa. Akazi awo anakumbuka kuti anandiona ndikunola lumo. Pamene ndinkabwera kuchokera kumtsinje ndinapeza kansanza kanga kali pamphasa pabwalo, mkulu wa mpingo atakhala pampando, anthu atazungulira.

"Mwana wanga, kamunthu aka ndi ndani?" anafunsa mkuluyo.

"Ndi msilikali wa bwana, abambo. Ndi choseweretsa."

"Choseweretsa cha mwana wa yani? Mzunguyo alibe mwana."

"Amaseweretsa yekha."

Anthu anaseka, ndipo amalume anati, "Mwamva? Kunama kwake n'kopanda mutu. Taonani nkhopeyo, abambo. Ndevuzo. Pamphumipo."

Zoona kankafanana nawo. Bwana ankafuna asilikali a nkhope zaukali, ndipo nkhope yaukali imene ndinkaidziwa bwino inali yawo.

"Wayamba ndi ng'ombe yanga," anatero amalume. "Wotsatira ndine. Akufuna munda."

"Munda wanuwo, amalume, ngakhale mutandipatsa ndi ng'ombe zomwe!"

"Ukuyankha amalume ako choncho?" anakalipa mkuluyo. Munthu ameneyu m'tchalitchi ankalalikira kuti Mkhristu saopa zithumwa. Tsiku limenelo maburashi anga ankawatembenuza ndi kamtengo, osafuna kuwakhudza. "Ubweya wa chiweto cha mwini, nthenga ya nkhanga, ulusi wofiira. Zimenezi ukuti n'zolembera?"

Ndinati ndiwaonetse. Ndinatola burashi laling'ono lija, ndipo mwachizolowezi ndinaliika pamilomo kuti nsonga isongoke. Akazi a amalume anakuwa, "Mayo! Akunyambita! Akudya ng'ombe tikuona!" Amayi anga anaphimba kumaso ndi nsalu. Palibe amene anafunanso kuona china. Amalume anandikhotetsa mkono n'kulanda burashilo, mkuluyo anapemphera pemphero lalitali, ndipo zonse anaziponya pamoto. Ubweya unanunkha ngati potentha mbewa. Msilikaliyo anapinda mawondo, nkhope imene ndinaivutikira inachita matuza, kenako anasanduka kadontho konyezimira m'phulusa.

Lolemba ndinakafotokozera bwana. Anaseka mpaka misozi, n'kuitana khukhi kuti ndibwerezenso nkhaniyo iye akumva. Atatha kuseka anawerenga asilikali m'bokosi, nkhope n'kusintha. Ndinamupempha kuti andipezere ubweya kwa opha ng'ombe, ndipange ena. Anakana.

"Anthu amadana nane kale chifukwa cha migula," anatero. "Tsopano azinena kuti ndikusunga mfiti m'nyumba? Pita kwanu."

Ndinasiya asilikali theka la bokosi ali oyera, opanda maso. Khukhi anadzandiuza kuti bwanayo anawamaliza yekha ndi maburashi oyanzika aja, ndipo pa nkhondo zawo za Loweruka palibe anadandaula.

Ng'ombe inachira atangoichotsa nkhupakupa ndi kuimwetsa mankhwala a kudibi. Amalume mpaka lero amati inachira chifukwa cha moto uja, ndipo mkulu wa mpingo anakaitchula nkhaniyo pa ulaliki. Mvula itagwa ndinalowa m'munda. Ine ndimagwira pulawo kumbuyo, m'matope ndi ndowe. Kutsogolo amayenda amalume okha atagwira chingwe, chifukwa analamula kuti ndisayandikirenso kumutu kwa ng'ombe zawo.